Chinkhoswe chimene sindichikumbukira

Mlongo wanga wamng'ono ali ndi chithunzi chimene amachikonda kwambiri, ndipo anachipachika pakhoma pafupi ndi kalendala ya kutchalitchi. M'chithunzimo ndaimirira pabwalo la kwathu, ndavala jekete lobwereka, dzanja ndakweza ngati munthu wozolowera kulankhula pagulu. Linali tsiku la chinkhoswe chake, mu 2015. Amalume ankadwala, choncho mawu a kuchikazi anagwera ine. Mpaka lero achibale amati ndinalankhula bwino kwambiri, moti ankhoswe a kuchimuna anachita kuomba m'manja. Koma ine ndikachiyang'ana chithunzicho, m'mutu mwanga simubwera kanthu. Zimene ndinanena sindizidziwa, amene ndinakhala naye pamphasa sindimudziwa, ngakhale nkhuku ija timadya posonyeza kuti mabanja agwirizana sindikumbukira kuti ndinailawa. Chimene chinatsala ndi cha m'mawa chokha: ndinapita kuseri kwa nkhokwe, n'kumeza mapiritsi awiri a diazepam, mankhwala oziziritsa mantha, kenaka mnzanga wina anandipatsa chikho cha mowa kuti mtima ukhale pansi. Zotsatira zake ndimazimva kwa anthu ngati nkhani ya munthu wina.

Ndakhala nayo nthawi yaitali nkhaniyi osaiulula. Ndailemba tsopano chifukwa ndikudziwa kuti kuno ku Mozambique, ku Angónia, ku Moatize ndi mumzinda wa Tete, muli anthu amene akuyenda ndi mapiritsi omwewa m'thumba, ndipo ambiri mwa iwo sanauzidwe zimene ine ndinauzidwa mochedwa.

Ndinabadwira kufupi ndi phiri la Dómuè mu 1982. Nkhondo itafika povuta, makolo anatinyamula n'kuwoloka malire kupita ku Dedza, monga anachitira anthu ambirimbiri a kuno. Kumeneko ndi kumene ndinayambira sukulu, n'chifukwa chake mpaka lero ndimalemba Chichewa momasuka kuposa Chipwitikizi. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo ife tinabwerera kwathu mu 1994, ine ndili ndi zaka 12. Ku Dedza tinkatchedwa othawa nkhondo. Titafika kwathu anzathu anayamba kutitcha Amalawi. Tsiku lina m'kalasi aphunzitsi anandiimiritsa kuti ndiwerenge ndime ya Chipwitikizi. Lilime linakana, mawu anatuluka opindika, kalasi yonse inagwa ndi phwete. Sindinali ndekha, ana ambiri obwerera anasekedwa chimodzimodzi, ndipo pofika mawa lake anali ataiwala. Ine sindinaiwale. Kuyambira pamenepo, aphunzitsi akangoyamba kuyendetsa maso m'kalasi, m'mimba mwanga munkatembenuka.

Vuto ndi lakuti kwathu kuno mwana wotere amayamikiridwa. Amati ndi wofatsa, ndi waulemu, sayankha akuluakulu, sayang'ana munthu m'maso. Amayi ankanyadira kuti ali ndi mwana wosalongolola. Sindikuwadzudzula, chifukwa kunja kwake ulemu ndi mantha zimafanana: zonse zimaweramitsa mutu. Koma m'kati mwake n'zosiyana kutali. Wamanyazi amachita chilendo kwa kanthawi, akakhala pang'ono amamasuka, amayamba kuseka ndi anzake. Ine mantha ankayamba kutatsala sabata kuti tsikulo lifike, ndipo likadutsa ankatsalabe sabata ina. Usiku ndinkabwereza chilichonse chimene ndanena: pamene paja ndinati chakuti, uja anayang'ana kumbali bwanji? Kodi anaona kuti dzanja likunjenjemera?

Zinthu zimene anthu amachita osaganiza n'komwe, kwa ine zinali phiri. Kudutsa pamene abambo akhala akusewera bawo, n'kupereka moni mokweza. Kufunsa mtengo wa mbatatesi pamsika wa ku Ulongué. Kusaina pepala wina akuyang'ana. Chovuta koposa chinali kudya pamaliro, pamene amuna timazungulira mbale imodzi, maso onse ali pamanja. Ndinkanama kuti ndadya kale, n'kubwerera kunyumba ndi njala. M'chapa, minibasi ya kwathu kuno, ndinkalola kupitirira posikira panga kusiyana n'kuti ndikweze mawu kuti aime, kenaka n'kubwerera wapansi. Pambuyo pake ndinadzamva kuti azachipatala amalidziwa vutoli, kuti analemba m'mabuku awo ngati matenda apadera kuyambira 1980, ndiponso kuti kawirikawiri limayamba munthu ali ndi zaka za m'ma 13. Nditamva zimenezi ndinakhala chete nthawi yaitali, chifukwa zinali ngati wina wakhala akundizonda moyo wanga wonse.

Mu 2011 malasha a ku Moatize anali pakamwa pa aliyense, ndipo anyamata ambiri a kumapiri kuno tinatsika kukafuna ntchito. Ine ndinaipeza pakampani ina yaing'ono, yosunga ndi kulemba zipangizo. Ntchitoyo inkandiyenera, chifukwa nthawi yambiri ndinkakhala ndekha ndi kaundula. Koma m'mawa uliwonse tisanayambe ntchito tinkaima mozungulira, ndipo munthu mmodzi ankalankhula kwa mphindi zochepa za kupewa ngozi. Zinali zosinthana. Pagulupo panali anthu a ku Maputo, a ku Beira, ena ochokera kunja, onse Chipwitikizi chili kumlomo. Kutentha kwa ku Tete kunkandibisira chinthu chimodzi: m'mwezi wa Okutobala kukapitirira madigiri 40 aliyense amakhala ali thukuta kamukamu, ndiye langa silinkadabwitsa munthu. Koma mawu onjenjemera sabisika ndi dzuwa. Nthawi yanga itayandikira ndinatha masiku atatu osaona tulo, mpaka ndinapita kuchipatala. Anandipatsa mapiritsi a masiku asanu, ndipo ndinene zoona, amene anandipatsayo ananena momveka kuti ndi a masiku okhawo basi.

Sindidzanama za m'mawa woyamba uja. Ndinagona ngati khanda, ndipo nditadzuka phokoso lija limene linkakhala m'mutu mwanga kuyambira ndili mwana linali litazima. Ndinaima pagulu, ndinalankhula za kuvala chipewa ndi nsapato zodzitetezera, ndinamaliza, palibe chimene chinachitika. Pobwerera madzulo, chapa ikuwoloka mlatho wa Samora Machel, ndinayang'ana Zambezi misozi ili m'maso. Ndinkadzifunsa kuti, kani anthu ena amakhala chonchi masiku onse? Munthu amene sanavutikepo ndi mantha amtunduwu sangamvetse chifukwa chake wina angakakamire mapiritsi. Sitifuna kuledzera ayi. Timangofuna kukhala ngati anthu ena onse.

Masiku asanu atatha, mnzanga wina anandilozera kwa munthu amene ankagulitsa popanda chikalata cha dokotala. Poyamba ndinkamwa pa tsiku langa lolankhula lokha. Kenaka tsiku la msonkhano uliwonse. Kenaka Lamlungu popita kutchalitchi. Chaka chisanathe ndinkamwa usiku uliwonse, ndipo limodzi linasiya kukwana.

Zimene zinkachitika m'thupi mwanga ndinazimvetsa patapita zaka. Muubongo muli mankhwala achilengedwe otchedwa GABA, amene ntchito yake ndi kuziziritsa mitsempha ikatentha, ngati mabuleki a njinga potsetsereka. Diazepam ndi anzake a m'gulu la benzodiazepine, monga lorazepam, alprazolam ndi bromazepam, amawonjezera mphamvu ya mabulekiwo. N'chifukwa chake mtima umakhazikika, minofu imamasuka, tulo timabwera. Koma ubongo sukhala manja lende. Ukaona kuti tsiku ndi tsiku pali wina akuugwirira mabuleki, umayamba kufooketsa akeake. Pamenepo mlingo umene unkagwira ntchito dzana sukwananso, ndipo mankhwala akachepa m'magazi, mantha amabwerera okula kuposa aja unayamba nawo. Ine ndinkaganiza kuti matenda anga akukula, choncho ndikufunika mapiritsi ambiri. Sindinkadziwa kuti mbali ina ya manthawo tsopano inali yobwera ndi mapiritsi omwewo.

Pano ndiyenera kuchita chilungamo. Diazepam si poizoni. Anapangidwa ndi katswiri wina dzina lake Leo Sternbach kukampani ya Roche, n'kuyamba kugulitsidwa mu 1963 ndi dzina lakuti Valium, ndipo mpaka lero ali pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri wa bungwe la WHO. Mwana akamakomoka mosalekeza chifukwa cha malungo aakulu, mankhwalawa amapulumutsa moyo. Amathandiza wodwala kafumbata, amathandizanso munthu amene akusiya mowa atamwa zaka zambiri. Nkhani ili pa kutalika kwa nthawi. Ku Britain akuluakulu oona za mankhwala anachenjeza kale mu 1988 kuti pa vuto la nkhawa, mankhwala a gulu limeneli asapitirire masabata awiri mpaka anayi. Ku America bungwe loona za mankhwala la FDA linakhwimitsa chenjezo lake mu 2020, kunena kuti thupi limatha kuwazolowera ngakhale munthu akumwa monga momwe dokotala wamuuzira. Masabata anayi. Ine ndinamwa zaka 8.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kunja ndinkaoneka munthu amene wasintha. Ndinakwatira, ndinabwerera ku Ulongué mu 2016 n'kutsegula kagolosale ka mbewu ndi feteleza, ndinkalankhula ndi alimi popanda vuto. Koma ndinkaiwala amene ndamukongoza ndi amene wabweza, moti mayi a kunyumba anatenga kaundula m'manja mwanga. Kawiri konse ndinagwa ndi njinga yamoto pamsewu wabwinobwino chifukwa cha kusinza. Mowa pang'ono unkandigwetsa ngati ndamwa chigubu, ndipo sindinkadziwa kuti kuphatikiza ziwirizi kungathe kuimitsa munthu kupuma ali m'tulo. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi china. Mankhwalawa sasankha choti aziziritse. Amaziziritsa mantha, koma amaziziritsanso chimwemwe ndi chisoni. Bambo anga atamwalira ndinakhala pasiwa maso ali gwa, anthu n'kumati mwamuna uyu ndi wolimba mtima. Sikunali kulimba mtima. Ndinkafuna kulira koma pochokera misozi panali patauma. Mwana wathu woyamba atabadwa ndinamunyamula ngati ndanyamula mtolo wa nkhuni wa munthu wina.

Mayi a kunyumba ankadziwa za mapiritsiwo, koma ankaganiza kuti ndi a tulo chabe. Tsiku lina anandifunsa modekha kuti, "Abambo, kodi mankhwala anuwa satha? Anzanu akadwala amamwa n'kusiya." Ndinawayankha mwaukali, chinthu chimene sindichita kawirikawiri. Ukali umenewo ukanayenera kundiuza kanthu.

Mu Epulo 2020, boma litalengeza malamulo okhwima chifukwa cha Covid-19, maulendo anavuta, ndipo amene ankanditumizira mapiritsi kuchokera kumzinda anasiya. Ndinaona ngati mwayi. Ndinati ndine mwamuna, ndingosiya. Masiku awiri oyamba ndinali bwinobwino, mpaka ndinayamba kudzitama mumtima. Sindinkadziwa kuti diazepam amachedwa kuchoka m'thupi, amatha masiku angapo akuzungulirabe m'magazi, choncho mavuto ake amabwera mochedwa. Pofika tsiku lachinayi tulo tinathawiratu. Thukuta linkatuluka usiku ngakhale kuno kumapiri kunali kutayamba kuzizira. Kulira kwa tambala kunkandilasa m'makutu, kuwala kwa dzuwa kunkandipweteka m'maso, khungu linkachita ngati mukuyenda nyerere, pansi pankaoneka ngati pakupendekeka. Sabata isanathe ndinagwa kuseri kwa golosale, thupi lonse likugwedezeka, thovu kukamwa.

Ndinatsitsimukira kuchipatala. Kunja achibale anali atagawikana. Ena ankati ndi khunyu, ena ankati pali munthu amene sakukondwa ndi golosale, amayi ankati mwina pali chimene sitinachite bwino pamaliro a bambo. Onsewo ankalankhula chifukwa cha chikondi, ndipo palibe amene akanatha kulota chenicheni, poti ndinali nditawabisira. Amene anandipulumutsa ndi mayi a kunyumba. Anapita kunyumba, anatenga mapaketi opanda kanthu amene ndinkabisa m'thumba la jekete, n'kukawaika patebulo pamaso pa adokotala.

Mawa lake kunabwera munthu amene kuchipatala amamutcha técnico de psiquiatria. Dziko lathu lili ndi madokotala a matenda a maganizo ochepa kwambiri, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mizinda ikuluikulu, choncho kuyambira 1996 unduna wa zaumoyo wakhala ukuphunzitsa anthu amenewa kuti azigwira ntchitoyi m'maboma. Anali bambo wachikulire pang'ono, wolankhula Chinyanja chathu chomwechi. Ndinkayembekeza kukalipiridwa. M'malo mwake anakoka mpando n'kundifunsa kuti, "Achimwene, musanayambe kumwa mapiritsiwa, chinkakuvutani n'chiyani?" Pa zaka 38 za moyo wanga, palibe amene anali atandifunsapo funso limeneli. Ndinalankhula pafupifupi ola lathunthu, maso ali pansi, kuyambira m'kalasi muja mu 1994.

Chimene anachita chinandidabwitsa: anandibwezera pa diazepam yemweyo. Anati munthu amene wamwa nthawi yaitali sasiya lero ndi lero, chifukwa ubongo umene wafooketsa mabuleki ake umatha kuthamanga mpaka kukomoka, ndipo ena amafa nazo. Njira yake ndi kutsika pang'onopang'ono, kuchotsako kachigawo kakang'ono, kosapitirira limodzi mwa magawo khumi, n'kudikira masabata awiri kapena kupitirira kuti thupi likhazikike, kenaka n'kuchotsanso. Mapiritsi ankasunga ndi mayi a kunyumba, ine ndinkalandira a tsiku limenelo okha. Tinkawadula ndi lezala pambale. Ngati pali wina amene akuwerenga izi ali ndi mapiritsi ake m'thumba, ndikumupempha ndi mtima wonse kuti asawataye m'chimbudzi usiku uno chifukwa cha nkhani yangayi. Apite nawo kuchipatala, akanene zoona za kuchuluka kwake ndi zaka zimene wamwa.

Kutsikako kunanditengera chaka ndi miyezi inayi, ndipo sindikufuna kukukometsa. Pa sitepe iliyonse pankabwera masiku a kusowa tulo ndi kupsa mtima. Kawiri tinaima mwezi wathunthu osachotsa kanthu, nthawi yokolola ndi nthawi imene mwana anadwala. Zigawo zomaliza, zing'onozing'ono zija, ndi zimene zinavuta koposa. Anandiyambitsanso mankhwala ena otchedwa fluoxetine, a gulu losiyana kotheratu. Amenewa sagwira tsiku lomwelo. Sabata yoyamba ndinkachita nseru ndipo mtima unkakhala m'mwamba, phindu lake ndinayamba kuliona patatha mwezi ndi kupitirira. Nawonso ali ndi zovuta zake ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi, koma sanandiledzeretse, sanandifufutire masiku, ndipo sindinamvepo chibaba chofuna kuwonjezera.

Koma mawu amene anatembenuza maganizo anga sanali okhudza mankhwala. Tsiku lina ndinawauza a técnico aja kuti, ngakhale zili choncho, mapiritsi aja anandithandiza kulankhula pagulu kambirimbiri. Iwo anandifunsa kuti, "Nanga pa maulendo onsewo, mantha anachepako?" Ndinati ayi. Anati, "Chifukwa chake n'chakuti ulendo uliwonse mukamaliza bwino, mtima wanu unkathokoza piritsi. Inuyo simunaphunzirepo kuti mukhoza." Ndinaganiza za mawu amenewa njira yonse yobwerera. Mwana amaphunzira kuwoloka mtsinje mwa kulowa m'madzi, miyendo ikunjenjemera, mpaka thupi lidziwe lokha kuti apa sindimira. Ine ndinawoloka kambirimbiri, koma nthawi zonse nditaberekedwa kumsana, maso nditatseka. Kwa ine ichi ndi chimene mapiritsi aja anandilanda kwambiri, kuposa ndalama ndi kuposa kugwa ndi njinga. Zaka 8 zimene mantha akanatha kumachepa pang'onopang'ono zinangopita, ndipo nditatsika kumsanako ndinadzipeza ndili tsidya lomwe lija, mwana wa zaka 12.

Ndiye tinayamba kuwoloka. Iwo anali ndi odwala ambiri, sakanatha kukhala nane ola sabata iliyonse monga amachitira kumayiko olemera. Tinkaonana kamodzi pamwezi, mphindi zochepa, n'kundipatsa ntchito yokachita. Yoyamba inali kupereka moni mokweza kwa abambo a pabawo, osathamangitsa mapazi. Ndinatha masabata atatu pa ntchito imeneyi yokha. Kenaka kukweza mawu m'chapa. Kenaka kudya ndi anthu.

Chimene sindinkachidziwa n'chakuti ndinali ndi timachenjera tambiri todzitetezera, ndipo timeneti ndi timene tinkadyetsa manthawo. Kuyang'ana pansi, kukhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi, kuloweza chiganizo chonse ndisanachinene, kufinya chikho mwamphamvu kuti dzanja lisaoneke kunjenjemera, kumene kumangochititsa kuti linjenjemere kwambiri. Akatswiri awiri a ku Britain, David Clark ndi Adrian Wells, anafotokoza zimenezi mu 1995: munthu wa mantha amtunduwu akakhala pagulu, maso ake amatembenukira m'kati. Saona anthu amene ali patsogolo pake, amadziona yekha monga momwe akuganizira kuti akuonekera, wofiira maso, wonjenjemera, wochititsa manyazi, ndipo chithunzi chimenecho amachitenga ngati choonadi. Ntchito yanga inali kutulutsa maso kunja. Ndikamalankhula ndi munthu ndizimvetsera zimene akunena, ndione mtundu wa malaya ake, ndione ngati akusekadi kapena ndi ine amene ndikumuseketsa m'mutu mwanga.

Kumphakati kwathu timakumana anthu osapitirira 15, pakhonde la nyumba ya mmodzi wa ife. Ndinapempha kuti tsiku lina ndidzawerenge mawu. Mayi a kunyumba anajambula pafoni mwakachetechete, monga tinapanganirana. Powerengapo ndinkamva ngati pepala likuchita phokoso m'manja mwanga, ngati mawu anga akuduka paliponse, ngati aliyense akundimvera chisoni. Usiku titaonera, ndinaona bambo wina wooneka wodekha, akuwerenga mofulumira pang'ono, ataima kamodzi kumeza malovu. Kumbuyo kwake mayi wina ankatonthoza mwana, agogo ena ankasinza. Ndinaonera kanayi. Kusiyana kwa zimene ndinamva m'thupi ndi zimene zinaoneka kunandichititsa mantha a mtundu wina: ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuthawa chinthu chimene anthu sankachiona n'komwe?

Pali chimene chimandiwawa ndikaganiza za anzanga. N'zosavuta kulemba kuti chithandizo chabwino cha vutoli ndi kukambirana ndi katswiri ndi kuyeserera pang'onopang'ono, ndipo ndi zoona. Koma munthu wa ku Chifunde, wa ku Tsangano kapena mkati mwa Macanga akamupeza kuti katswiriyo? Ine ndinachita mwayi kuti ndimakhala pafupi ndi boma, ndipo ndinakumana ndi munthu woleza mtima. Bungwe la WHO limati mu 2019 anthu 301 miliyoni padziko lonse anali ndi matenda a nkhawa, ndipo mwa anayi alionse, pafupifupi mmodzi yekha ndi amene amalandira chithandizo. Piritsi limapambana chifukwa ndi lotchipa, limapezeka msanga, ndipo silifunsa mafunso, pamene kwa munthu woopa anthu, kungolowa m'chipinda n'kufotokoza vuto lake kwa mlendo ndi chinthu chomwecho chimene amachiopa. N'chifukwa chake sindingaloze chala aliyense amene akumwa. Amene ndimawadandaula ndi ogulitsa mwamseri, amene amaona nkhope yomweyo mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, osanenapo ngakhale liwu limodzi la chenjezo.

Kachidutswa komaliza ndinamwa mu Ogasiti 2021. Mantha sanathe. Foni ikalira ndi nambala yachilendo mtima umadumphabe, ndipo pali masiku amene ndimawapempha mayi a kunyumba kuti akhale kutsogolo kwa golosale ine ndikhale kumbuyo ndi matumba. Koma misozi inabwerera. Tsiku lina ndikupalira manda a bambo ndinalira kulira kumene kunandidutsa pamaliro awo, ndipo ndinabwerako thupi litapepuka.

Mu 2023 mwana wa achemwali anga aakulu anapeza banja. Amalume anali atatisiya, ndiye mwini mbumba tsopano ndine. Mtsikanayo anabwera kugolosale, anagwada pakhomo n'kunena kuti, "Amalume, akuti mudzatiyankhulire ndinu." Anali asanamalize, m'mimba mwanga munali mutatembenuka kale. Sabata yonse ndinagona movutika. Usiku womaliza ndinadzipeza ndikuganiza za munthu wina pamsika amene ndikudziwa kuti amakhala nawo mapiritsi aja. Ndinawauza mayi a kunyumba zimene ndikuganiza. Sanandikalipire, anangoti, "Abambo, mukanjenjemera munjenjemere, ife tili pomwepo."

Linali Loweruka, m'mwezi wa Julayi, kukuzizira ndi kamphepo ka kumapiri. Thukuta linatsika ndithu, ndipo kuno kulibe dzuwa la ku Tete loti lindibisire. Nditaimirira mawondo ankagundana. Ndinayamba kupereka moni kwa mafumu ndi kwa ankhoswe a kuchimuna, mawu ali pansipansi. Agogo ena amene anakhala kumapeto, atavala chipewa chaubweya chobiriwira, anakweza ndodo n'kunena kuti, "Kwezani mawu, bambo, kuno sitikumva." Anthu ena anaseka pang'ono. Ndinaima, ndinameza malovu, ndinawayang'ana agogowo, n'kuyambiranso mokweza. Pakati ndinaiwala dzina la mudzi wa mnyamatayo, mlamu wanga anandinong'oneza, ndinapitiriza. Palibe amene anaomba m'manja monga amanenera za 2015.

Atabweretsa atsikana atatu ofundidwa nsalu kuti a kuchimuna aloze wawo, analoza wolakwika poyamba, bwalo lonse linafa ndi kuseka, inenso ndinaseka. Tambala wa kuchimuna anali wofiira, ndipo anapulumuka m'manja mwa mnyamata amene anamunyamula, ana n'kumuthamangitsa mpaka kuseri kwa khola la mbuzi. Achemwali anavala chitenje chachikasu, ankapukuta misozi ndi nsonga yake. Titakhala pamphasa ndi ankhoswe anzanga, ndinatambasula dzanja m'mbale imodzi ndi iwo, likunjenjemerabe pang'ono, ndipo ndinatenga chiwalo cha nkhuku. Inali ndi mchere wambiri.